Kwa Thoko, Pamodzi ndi Pepala Limene Ndinakubisira

Kafue Estates, Lachinayi masana

Thoko mwana wanga,

Amai ako apita nawe kusalaula, kumsika wa zovala zogwiritsidwapo kale, kukafuna jekete ya kuzizira ija mwakhala mukukanganirana sabata yonse, ndiye nyumba ili zii. Ndatulutsa tebulo pakhonde. Ndikukulembera chifukwa unandiuzapo tsiku lina kuti mawu a pakamwa amathamanga, koma a papepala amakudikira. Inenso pakamwa ndimazungulira, umandidziwa. Mawa tikukuperekeza ku Lusaka ukakwere ndeke, ndipo ndili ndi nkhani zimene sizingadikirenso.

Anthu a mumsewu mwathu akudabwa kuti mtsikana akupita ku Ulaya kukaphunzira za mainjini a sitima. Ine sindikudabwa. Uli ndi zaka zitatu ndinkakunyamula pa njinga Loweruka lililonse mpaka pafupi ndi ulalo wa njanji, chifukwa kumeneko ndi kumene unkakhala phee. Agogo ako, atate anga, anachoka ku Katete kudzagwira ntchito pa njanji yomweyo, ndiye ndinkadziuza kuti ndi magazi. Unkaimirira pakati pa miyendo yanga, kachala kali m'mwamba, kutsata mabogi limodzi limodzi mpaka lomaliza. Nthawi imeneyo sunkayankhula. Ana obadwa nawe mwezi umodzi anali akutukwana kale m'makwalala, iwe ngakhale "amama" kunalibe. Ndiye tsiku lina, utakwanitsa zaka zinayi, sitima yakatundu itangodutsa, unatsitsa kachala nkunena kuti, "Yafupika." Inalidi yaifupi poyerekeza ndi ya sabata yatha. Ndinapalasa njinga kubwerera kunyumba ngati ndikuthamangitsidwa, ndipo amai ako anakana kundikhulupirira mpaka unabwereza wekha pa nshima.

Cholakwa changa choyamba chinachitikira kutchalitchi. Masiku amenewo tinkapemphera mu tenti ina kumbuyo kwa msika, mmene munali masipika aakulu ngati mafiriji. Nyimbo zikangoyamba, iwe unkatseka makutu ndi manja, kugwedezeka uku ndi uku, kenako nkukwawira pansi pa benchi. Anthu anayamba kunong'onezana kuti muli chiwanda mwa mwanayu, nchifukwa chake sapirira dzina la Yesu. Kutabwera mneneri wachinyamata wochokera ku Lusaka, anandiuza kuti ndikubweretse kutsogolo. Amai ako anandigwira malaya, ine ndinawachotsa dzanja. Amene anakugwira mikono kuti usatseke makutu ndine, Thoko, osati wina. Mneneri uja anakuwira m'khutu mwako kwa nthawi yaitali, anthu akuomba m'manja, iwe ukukuwa. Pomaliza unandiluma pamkono, anthu nkunena kuti chatuluka. Titafika kunyumba mawu ako ochepa aja anatha onse. Sabata zitatu sunanene kanthu, ndipo ukaona ine ndavala nsapato za Sande unkabisala kuseri kwa sofa. Amai ako anangondiuza kamodzi kuti mwana wawo sabwereranso kumeneko, ndipo sunabwererenso.

Sindikunena kuti anthu aja anali oipa. Azimai omwe ankaomba m'manja aja ndi amene anatiphikira mwezi wathunthu amai ako atachitidwa opaleshoni. Ankakukonda monga mmene ankadziwira. Koma umve izi: munthu akhoza kukupweteka akuganiza kuti akukuthandiza, ndipo iwe uli ndi ufulu womuuza kuti asiye. Kaya ndi m'busa, kaya ndi dokotala wachizungu, kaya ndi mwamuna amene akuti amakukonda. Kupemphera usasiye. Ukapeze tchalitchi chimene makutu ako angapirire, ukhale kumbuyo pafupi ndi chitseko monga umachitira kuno. Mulungu sali mu sipika.

Cholakwa chachiwiri chinali cha kumudzi. Uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri tinapita tonse ku Katete kumaliro a azakhali anga. Kumeneko unatamandidwa kwambiri, sindikudziwa ngati ukukumbukira. Kuno ku Kafue aphunzitsi ankadandaula kuti suwayang'ana akamakuyankhula, koma kumudzi azimai achikulire ankati, onani mwana wa m'tauni waulemu, maso ali pansi, sayankhayankha. Ndinanyada, ngakhale ndinkadziwa mumtima kuti sindinakuphunzitse ine zimenezo.

Kumudziko kunali amalume anga, a Yotamu, mlongo wa amai anga. Sanakwatirepo. Ankaweta ng'ombe za mudzi wonse ndipo ankadziwa ng'ombe iliyonse, mayi wake ndi agogo ake, koma moni wa munthu sankayankha. Tsiku lachiwiri la maliro unasowa. Tinakufuna pena paliponse mpaka ndinakakupeza kukhola, wakhala pafupi ndi a Yotamu, nonse awiri muli chete, akukusonyeza kupota chingwe cha luzi. Manja ako anali akutsata awo. Msuweni wanga Esinati, amene anali nane, anaseka mwachikondi nkunena kuti, "Uyu ndi Yotamu wabadwanso." Mawu amenewo anandilasa. Ndinakukoka dzanja, chingwe chinagwera m'ndowe, ndipo ndinauza Esinati kuti mwana wanga si chitsiru. A Yotamu anamva. Anatola chingwe chija, nkuchipukuta pa buluku lawo. Chaka chotsatira anamwalira, ndipo sindinawapepese.

Ndimawaganizira kawirikawiri masiku ano. Mudzi unawapatsa malo, palibe amene anawakakamiza kusintha, ndipo ng'ombe ikadwala anthu ankathamangira kwa iwo. Koma mudzi womwewo unkawapatsira chakudya pambali, ana nkumawagenda ndi zitsononkho akuluakulu akuyang'ana. Zonse ziwirizo ndi zoona. Ukadzamva anthu kumeneko akunena kuti ku Africa anthu otere amangozunzidwa, uwauze za ng'ombe. Ukadzamva a kwathu akunena kuti matenda amenewa ndi a azungu, kuno kulibe, uwauze za zitsononkho. Ndipo nkhani ya maso ija usaiwale. Ndamva kuti kumene ukupitako munthu woyang'ana pansi amamuganizira kuti akubisa kanthu. Usadzizunze pofuna kuwasangalatsa. Ungowauza poyera kuti umamva bwino ukamayang'ana kumbali, ndipo kwanu umenewo ndi ulemu.

Tsopano ndafika pa nkhani imene ndatulutsira tebuloli.

Uli mu giredi folo, aphunzitsi ako, mayi wina wachifundo amene ankaona kuti masamu ukuposa kalasi yonse koma pa buleki ukukhala wekha kuseri kwa ofesi, anatipempha kuti tikuonetse kwa dokotala wa ana ku Lusaka. Tinapita. Ukhoza kukumbukira chipinda chokhala ndi zidole zamatabwa ndi mayi wovala magalasi amene anakhala nawe pansi pa kapeti. Tinakuuza kuti akukupima makutu. Dokotalayo anali mwana wa kuno kwathu, koma anaphunzirira kunja. Tinapitako katatu. Ulendo womaliza anatikhazika pansi ine ndi amai ako nkutiuza kuti uli ndi otizimu. Anafotokoza pang'onopang'ono, m'Chinyanja, kuti si misala, si ufiti, ndipo palibe chimene tinalakwa. Ubongo wako unapangidwa mwa mtundu wake, phokoso ndi kuwala zimakufika mwamphamvu kuposa ife, nkhope za anthu zimakuvuta kuwerenga, koma chimene wachikonda umachilowa mpaka kumizu. Anati palibe mankhwala ochotsera, ndipo sipafunika kuchotsa. Chofunika nchakuti iwe udzadziwe, ukamakula, kuti usamadzione ngati wolakwika. Amai ako analira, koma kunali kulira kwa munthu amene watula mtolo. Dokotala analemba pepala nkundipatsa ine, monga mutu wa banja.

Mu minibasi pobwerera, tisanafike ngakhale ku Chilanga, ndinali nditalipinda kale kanayi. Kunyumba ndinaliika pansi penipeni m'bokosi langa la zitsulo, pamodzi ndi masetifiketi a ufitala, ntchito yanga yokonza makina, ndipo ndinalumbiritsa amai ako kuti asakuuze. Ndinkaopa pakamwa pa anthu. Umadziwa mmene ana kuno amatchulira dzina la chipatala cha amisala potukwanana. Ndinkaona anthu akukuloza, aphunzitsi akukutaya, mwamuna wodzakukwatira akubwezedwa ndi abale ake. Ndinkati dzina ndi limene limapha, ngati palibe dzina palibenso vuto. Amai ako ananditsutsa zaka zonsezi, koma anasunga lumbiro lawo, ndipo mlandu umenewu usawaike pamutu.

Patapita zaka zitatu, ntchito yanga ya kufakitale inatha. Iwe unkaona kuti atate ali panyumba, koma zambiri tinakubisira. Poyamba ndinkadzuka m'mawa monga kale, kuvala ovolosi, nkukhala pakhonde pano kuonerera anzanga akupita. Kenako kudzuka kunayamba kundikanika. Thupi silinkapweteka paliponse, koma kunyamula supuni kunali ngati kunyamula njanji. Nshima inkandimvekera ngati dothi. Alendo akabwera amai ako ankati ndili ndi malungo, ndipo malungowo anapitirira mwezi wathunthu. Ndinkaganiza zinthu zoipa, mwana wanga, zoti mwina inu mukhoza kukhala bwino popanda ine. Palibe amene anandifunsa. Mwamuna safunsidwa zimenezo kuno.

Amene ananena ndiwe. Unabwera kuchokera kusukulu, nkuima pakhomo la chipinda chikwama chili kumsana, maso ali pa khoma, nkunena kuti, "Atate, papita masiku makumi anayi simunaseke. Malungo sachita choncho." Amai ako anakukalipira kuti si mafunsidwe a mwana amenewo. Ine ndinatembenukira kukhoma nkulira, koyamba chichokereni kumaliro a atate anga.

Sabata yomweyo amai ako anaitana ba Mwiinga, mnzanga Mtonga uja tinkagwira naye ntchito shifiti imodzi, amene atasiya ntchito anayamba kugula nsomba ku Chanyanya. Sanandinyengerere. Anabwera ndi njinga ziwiri nkunena kuti akufuna munthu womuthandiza kunyamula dengu. Tinapalasa mtunda wonse uja, ine ndikupuma ngati ng'ombe yokalamba. Titafika padoko, tikudikira mabwato, anayamba kundiuza za iye mwini. Mkazi wake atamwalira anakhala chaka chathunthu ngati ine. Abale ake anati ndi mzimu wa malemu, anachita mwambo wonse, ndipo anati mwambowo unamuthandiza kugona, koma kulemera kwa pachifuwa sikunachoke mpaka mwana wake anamukokera kukiliniki, kumene anapeza nesi wodziwa za matenda a maganizo. Ndinamufunsa ngati sanachite manyazi. Anaseka nkunena kuti manyazi anali nawo, koma anapita nawo limodzi. Lolemba lotsatira anandiperekeza. Ndinamwa mapilisi miyezi ingapo, ndipo ndinkapita kukacheza ndi nesi uja kawiri pa mwezi. Iwe tinkakuuza kuti ndikupita kukapimitsa shuga.

Ukumbukire zimenezi ukadzafika kumeneko. Akuti nyengo yozizira dzuwa limalowa anthu asanaweruke, ndipo munthu akhoza kutha sabata osamva wina akutchula dzina lake. Iwe umakonda kukhala wekha, ndipo si cholakwa, koma kukhala wekha ndi kumira ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ukadzaona kuti chakudya sichikukomanso, tulo tasokonekera, ngakhale sitima sizikukukondweretsa, usadzanene kuti ndi malungo. Udzawerenge masiku ako monga unawerengera anga. Akadzapitirira sabata ziwiri, upite kwa anthu a uphungu a pasukulupo, ndipo utiimbire foni. Zimenezi zili m'magazi mwathu monga njanji ilili. Sudzakhala woyamba m'banja muno.

Ungaganize kuti nditachira ndinaphunzirapo kanthu. Ayi. Iwe unandiuza zoona za ine, koma ine zako ndinapitiriza kuzikhalira. Titakutumiza kusukulu yogonera komweko uli mu giredi teni, unabwera pa holide yoyamba utaonda, zikhadabo zitadyeka mpaka magazi. Atsikana makumi atatu m'chipinda chimodzi, mabelu, nthabwala zimene sunkazimva, anzako akukutcha loboti. Madzulo ena ndikukonza njinga kuseri kwa nyumba unabwera nkukhala pa njerwa. Kenako unandifunsa kuti, "Atate, kodi ine ndinalakwika pati?" Bokosi la zitsulo linali lotsegula patsogolo panga. Pepala lija linali pansi pa masipanala, kutalika kwa dzanja langa. Ndinakuyankha kuti palibe cholakwika, ungolimba mtima, sukulu ndi choncho. Unati, "Chabwino," nkubwerera m'nyumba. Zoti tinakusamutsira kusukulu yoyendera temu yotsatira sizifafaniza yankho limenelo. Unandifunsa funso lolunjika ndipo ndinakunamiza, iwe amene sunandinamizepo chibadwire.

Mwezi wathawu unkalemba mafomu a kuyunivesite pa foni, ndipo unawerenga mokweza funso lina lofunsa ngati uli ndi vuto lililonse la thupi kapena la kaphunziridwe limene angakuthandizepo. Unatiyang'ana pang'ono nkusankha kuti ayi. Amai ako anadzuka nkupita kukhitchini, ndipo kuchokera tsiku limenelo akhala akundiyankha mawu amodzi amodzi.

Pepalalo lili mu envulopu muno. Lachita chikasu ndipo pakona pali banga la girisi, koma likuwerengeka. Ndi lako, linali lako kuyambira kale. Ndafufuza kwa mwana wa ba Mwiinga amene ali kunjako, ndipo akuti yankho la pa fomu lija likhoza kusinthidwa ukafika. Akuti amatha kukupatsa chipinda chogona kopanda phokoso, malo a phee olembera mayeso, ndi munthu wokufotokozera zinthu polemba. Akutinso pepala lakale chonchi mwina adzafuna kukuonanso okha, ndipo palibe choopsa pamenepo. Kuwauza kapena kusawauza, zili ndi iwe. Ine ndakusankhira kokwanira.

Koma ndikuchenjeze mbali inayo. Kumeneko akuti chilichonse chili ndi dzina lake, ndipo anthu amatchula mayina amenewa momasuka ngati akutchula mtundu wawo. Ndi zabwino, ndikanakhala ndi mtima umenewo ine sukanavutika chonchi. Koma dzina likhozanso kusanduka khola. Padzapezeka ena amene akangomva adzayamba kukuyankhula mochedwa ngati kamwana, ena adzafuna kuti ukhale chitsanzo chawo pamisonkhano, ena adzakuuza zimene munthu wa otizimu sangathe. Uwamvetsere, utenge chimene chikukuthandiza, chotsalacho uchisiye pomwepo. Dokotala uja anakuona katatu kokha. Sakudziwa kuti umaphika chikanda choposa cha amai ako, kapena kuti unakonza pampu ya kutchalitchi amuna anayi atalephera, kapena kuti umaseka mpaka kugwa pansi mbuzi ikayetsemula.

Zina ndi zazing'ono. Zotseka m'makutu zija ukhale nazo m'thumba la jekete, osati mu sutukesi, chifukwa mabwalo a ndeke ndi aphokoso. Ukapanda kumvetsa ngati munthu akuseka nawe kapena akukuseka, umufunse, ndipo woona mtima sadzakwiya. Upeze mnzako mmodzi, mmodzi yekha akwanira, amene ungamufunse zinthu zotere. Ukadzakumana ndi anthu a kwathu kumeneko, pita ukadye nawo nshima ngakhale kamodzi pa mwezi, ukatopa uwatsanzike nkuchoka, osadikira kuti mutu uyambe kulira. Ndipo mwamuna amene adzakufune, udzamuuze wekha, msanga. Akathawa, wakupulumutsa ku zaka zambiri za kudzibisa.

Ndikuvomereze chinthu chomaliza. Maganizo anga anali oti kalatayi ndiilowetse pansi pa zovala mu sutukesi, ukaipeze uli kutali, kumene sungandiyang'ane. Amai ako atamva anati umenewo ndi mantha omwe aja angovala malaya ena. Akunena zoona. Ndiye ndiisiya pa pilo pako tsopano lino, musanabwere kumsika, kuti ukhale ndi madzulo onse. Ngati uli ndi mafunso, undipeza pakhonde, ndipo ndiyankha lililonse mosazungulira. Ngati sukufuna kundiona, tseka chitseko, chakudya akubweretsera amai ako. Ngati mkwiyo wako udzatenga chaka, uzidzaimbira iwo, ine ndizidzamvera kumbali mpaka tsiku limene udzati andipatse foni.

Ndakulakwira, Thoko. Iwe sunalakwike paliponse. Limenelo ndi yankho la funso lako lija, lafika mochedwa ndi zaka zisanu.

Ndamva geti likulira, ndipo amai ako akukuuza kuti jeketeyo ndi yaikulu. Uyende bwino, mwana wanga. Mulungu wa agogo ako akutsogolere.

Ndine atate ako,
amene akudikira pakhonde.